Kakiyi ka M'khosi mwa a Juzi

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1968, m'banja la ana asanu, iwo kukhala achitatu. Ine amene ndikuwerenga ndine mlongo wawo wamkulu. Ndinawabereka kumbuyo, ndinawapukuta mamina, koma lero ndiwatchula mwaulemu wowayenera.

Ndiwerenga mofulumira, ndipo chifukwa chake ndichinena pompano kuti muleke kucheukira kugeti. Anthu atatu aima apowo, galimoto osazimitsa, ndi anzawo a kuntchito. Akufuna kakiyi kamene kali m'khosi mwa malemu, m'bokosi limene tatseka kale. Popanda kakiyi kameneko, kaundula wa odwala wa dziko lonse satseguka. Alamu anga, amene asiyidwawa, akana m'mawa uno kuti bokosi litsegulidwenso. Ndawapempha kuti aganize mpaka ndifike kumapeto kwa pepalali. Mawu otsiriza ndi awo.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1975. Sanali mwana wokhala pansi. Wailesi ya bambo athu anaimasula kawiri, wotchi ya pakhoma kamodzi. Wailesi inalankhulanso, wotchi inapitira pomwepo. Mu 1983 anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo kuyambira 1988 mpaka 1990 anaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja.

Ntchito ya zamagetsi sinapezeke msanga, choncho mu 1991 analowa ukalaliki m'chipinda cha mafayilo pachipatala china chachikulu. Mu 1994 denga la chipindacho linadontha kumapeto kwa sabata, ndipo mafayilo a zaka zisanu ndi chimodzi anasanduka phala. Anawayanika pachingwe ngati zovala, koma inki inali itasuluka. Sabata yomweyo kunabwera mayi wina wodwala shuga, ndipo panalibe amene ankadziwa mlingo wa mankhwala ake. Mayiwo anachira, koma malemu nkhaniyo sinawachoke. Kuyambira pamenepo ankati chinthu chosungidwa malo amodzi chinatayika kale, kungoti mwiniwake sanadziwe.

Pawindo la chipinda chomwecho ndi pamene anakumana ndi alamu anga, amene ankabwera kudzatenga fayilo ya mayi awo. Mafayilo a anthu ena ankapezeka m'mphindi ziwiri, koma imeneyo inkatenga theka la ola, mpando n'kuperekedwa. Anamanga ukwati pa 3 Ogasiti 1996.

Mu 2004 anawatumiza kukaphunzira za makompyuta, ndipo mu 2012 anawasamutsira ku likulu kuti akhale woyang'anira seva. Amene simukudziwa, nanenso sindinkadziwa: seva ndi kompyuta yaikulu yopanda woikhalira, yoima m'kabati yachitsulo. Chipatala chilichonse, chachikulu ndi chaching'ono chomwe, chimatumizako zimene chalemba: ana obadwa, olandira katemera, odwala ndi matenda awo, mankhwala amene atsala pashelefu. Akuluakulu ankafuna kungoiika pansi pa tebulo la mlembi, pafupi ndi ketulo, kuti ntchito iyambe. Malemu anakana kuiyatsa miyezi inayi yathunthu.

Zimene ankafuna anazilemba papepala limodzi n'kulimata pachitseko. Chipinda chikhale chakechake, chopanda windo, cholowa anthu awiri okha. Makina oziziritsa mpweya akhale awiri, kuti ena akafa ena azigwira. Magetsi akathima mabatire alandire nthawi yomweyo, jenereta n'kudzuka isanathe mphindi imodzi. Intaneti ibwere ndi zingwe ziwiri za makampani osiyana, zosadutsa ngalande imodzi, chifukwa wokumba msewu safunsa kuti chingwe n'cha yani. Madisiki osungiramo aziwonjezeredwa chaka chilichonse asanadzaze. Ndipo chimene anakanganirana nacho kwambiri: zonse zizikoperedwa tsiku ndi tsiku n'kusungidwa kumzinda wina, kutali. Anawatchula makani, anawatchula ochedwetsa chitukuko, koma anawapatsa zonse.

M'chipinda chija munkazizira ngati m'firiji ya butchala. Ankavala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, n'chifukwa chake kuntchito konse ankawadziwa kuti a Juzi. Ena mwa inu dzina lawo lenileni mwaliona lero papulogalamu. Seva ija inkawatumizira uthenga pafoni ikayamba kumva kutentha. Uthengawo unawachotsa patebulo chakudya chili m'kamwa, unawatulutsa m'tchalitchi nyimbo ili pakati. Mu 2021, paukwati wa mwana wawo wamkazi, anaperekeza mkwatibwi mpaka kutsogolo, anakhala pansi, foni inalira, ndipo pazithunzi zonse za madzulo mpando wawo uli wopanda munthu. Alamu anga ankati anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi mnzawo ndi kabati yachitsulo yosadziwa kuphika. Ankanena moseka, koma si nthawi zonse.

Tsopano za kakiyi. Zosungidwa kumzinda wina zija n'zokhoma, chifukwa muli zinsinsi za anthu, za amene akudwala chiyani, mwina zanu ndi zanga. Kuti zitseguke pamafunika zinthu ziwiri: mawu achinsinsi amene ali mu envelopu kwa abwana awo, ndi kachitsulo kotalika ngati chala chaching'ono, kolowetsa m'kompyuta. Anapangitsa tiwiri. Kamodzi kanaonongeka chaka chatha, malemu analemba makalata atatu opempha kena, ndipo yankho likadali m'njira. Kotsalako ankakavala m'khosi pachingwe chakuda, m'kati mwa juzi. Sanauze munthu kunyumba, poti lamulo la ntchito limaletsa, ndipo sanauze anzawo kumene amakasunga. Ife tinkangoti ndi mankhwala. Adzukulu ankakatcha chithumwa cha agogo. Ine ndinawakalipirapo kuti munthu wamkulu mumpingo sangamayende ndi zoterozo, iwo anangoseka n'kundithirira tiyi.

Anayamba kudandaula za mutu ndi kutupa kwa miyendo mu Malichi chaka chino. Kuchipatala anapeza kuthamanga kwa magazi, ndipo impso zinali zitafooka kale. Anawagoneka pa 2 Juni. Ngakhale ali pabedi ankafunsa aliyense wobwera kudzawazonda kuti m'chipinda chija mukuzizira bwanji. Anzawo ankawayankha kuti zonse zili bwino, pofuna kuwapumitsa mtima, chonsecho makina oziziritsa amodzi anali atafa pa 10 Juni. Malemu anatisiya Lachiwiri, pa 17 Juni 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 56. Mawa lake makina achiwiri analephera, madisiki anapsa, seva inaima.

Akuti ina yatsopano aiika kale, koma ili mbee, ikudikira zosungidwa zija. Kuyambira Lachitatu zipatala zikulemba pamapepala. Lolemba magalimoto a mankhwala akuyenera kunyamuka, ndipo opakira sakudziwa kuti chipatala chiti chatsala ndi chiyani. Anzawo a kuntchitowa anagwetsa madirowa a mu ofesi masiku awiri, kufunafuna kakiyi kaja. Dzulo anabwera kuno, anakhala nafe, anaimba nafe, anadya, koma kufunsa anachita manyazi. Safunsa anadya phula. M'mawa uno mmodzi wa iwo, mayi uyo wavala magalasiyo, waona chingwe chakuda pachithunzi chili patsogolochi, ndipo ndi pamene wandikokera pambali. Bokosi linali litatsekedwa.

Cholakwa china n'changa, ndipo sindibisala kumbuyo kwa munthu. Anamwino anatipatsa kachitsulo kaja m'kathumba, pamodzi ndi magalasi ndi wotchi. Ine, posafuna zokambakamba, ndinati chimene sichinkawachoka ali moyo apite nacho. Ndinawaveka ndekha, n'kumanga batani la kolala pamwamba pake.

Alamu anga anena mawu amene sindingawatsutse. Ati ntchito imeneyi inawalanda mwamuna zaka khumi ndi zitatu, inamudya mpaka impso, ndipo lero ikumutsatira m'bokosi. Ati anatsanzikana nawo kale, anawaphimba kumaso, ndipo mtima wawo sungathe kutsanzika kawiri. Zonsezi n'zoona. Changa n'chimodzi chokha, alamu: munthu wagona apayu anakana kuyatsa makina miyezi inayi kuti dzina la wodwala ngakhale mmodzi lisatayike. Tikawakwirira nako, tikhala tawayika m'manda atagwira mayina a anthu onse aja pachifuwa. Ine mchimwene wangayu ndikumudziwa, sangagone.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, adzukulu anayi, ndi ife abale awo anayi. Asiyanso majuzi khumi ndi limodzi, amene tidzaone chochita nawo.

A banja tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira masabata awiri aja, makamaka amene ankapirira kufunsidwa ngati analemba kale zonse m'kompyuta. Tikuthokoza abusa ndi kwaya, amayi amene aima pamoto kuyambira Lachiwiri, abambo amene akonza kumanda, oyandikana nawo nyumba amene anatibwereka mipando ndi tenti, ndi akuntchito chifukwa cha galimoto yonyamula thupi. Amene sindinakutchuleni musandisungire mangawa, pepala latha.

Ndaona alamu anga aimirira. Mwana wawo wamkazi wandinong'oneza kuti avomera, koma pali mawu awiri: wakuntchito aliyense asayandikire, ndipo amasula okha ndi manja awo. Zikomo alamu, Mulungu akuoneni. Abambo awiri a banja bweretsani sikuludiraiva. Amayi imani mozungulira ndi nsalu zanu, enanu yang'anani kuno kwa ine, palibe choonerera. A kwaya tiyambireni nyimbo, yaitali ndithu.

Inu a pageti, mukalandira musadikire za kumanda, palibe amene akudandauleni. Thamangani, ndipo mukatsegula mukapangitse tina tiwiri sabata yomwe ino, musadzaimenso pamaliro a munthu galimoto ikulira.

Achimwene, pepani kuti tikusokonezani kamodzi kotsiriza. Akatseka kachiwiri palibenso adzakuitaneni. Mzimu wanu uuse mumtendere.