Galu wa kwa Marnie

Pasiteji ya basi mumzinda wa Saskatoon ku Canada, chisanu chikuluma makutu, mtsikana wa ku Iran amene anali atangoyamba kumene payunivesite anakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire wonyamula kabokosi ka madonasi.

"Mwana wanga, nkhope yagwa chonchi bwanji? Mayeso?" anafunsa bamboyo.

"Ayi, bambo. Mnzanga kuno ndi mmodzi yekha, Marnie, ndiye wandikwiyira."

"Mukulimbirana mnyamata?"

"Nkhani yake ndi nkhukundembo. Ananditengera kwawo, mayi ake ataiphika tsiku lonse. Mayiwo atandifunsa ngati ndingadye, ndinati ayi, zikomo."

"Unali utakhuta?"

"Kukhuta kuti? M'mimba munkalira. Koma kwathu mlendo amakana kawiri, kachitatu ndiye amalandira. Ine ndinkadikira kuti afunsenso."

"Ndiye anafunsa?"

"Anandipatsa madzi. Nyama yanga anadya ndi galu wawo, ine ndikuona."

"Kuno timafunsa kamodzi basi. Kuzizira konseku, ndani angayasamule katatu?"

"Lero andiitananso. Marnie akuti ndikanyozanso chakudya cha mayi ake, chinzake chithera pomwepo."

"Tiye tiyeserere pompano. Udya donasi?"

"Ayi, zikomo, musavutike."

Bamboyo analuma donasiyo n'kutafuna mosafulumira mpaka kumaliza, mtsikanayo akuyang'ana. Kenako anatsegulanso kabokosi kaja.

"Yatsala imodzi. Udya?"

"Ndidya, bambo," anayankha mtsikanayo, donasi ili kale m'manja.

"Wakhoza, mwana wanga. Galu uja lero agona ndi njala."