Chinsalu Chimene Ndinalanda kwa Mayi Roza

Olemekezeka Bambo Mfumu a parishi yathu ino. Olemekezeka a Gulupu ndi mafumu onse amene mwakhala kutsogolo kuno. Olemekezeka a khansala a dera lathu. Akuluakulu amene mwachokera ku boma. Aphunzitsi aakulu a masukulu athu. Alendo athu ochokera ku Lilongwe ndi ku Dowa. Amayi a bungwe amene mwasesa ndi kukolopa holoyi. Mwini ntchito imene yatisonkhanitsa, Mayi Roza Kamtedza. Amayi ndi abambo, landirani moni wanga.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine Solomoni Kachiwaya. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka makumi atatu, ndipo nditapuma ntchito, anthu a kuno kwa Kasakula anandisankha kukhala wapampando wa komiti yoyang'anira za minda. Ndithokoze a parishi potibwereka holo, ndithokozenso akalipentala amene akhoma mafelemu osalandira kanthu.

Zithunzi zimene zili kuseri kwa chitsekocho zilibe nkhope ya munthu, zilibe ng'ombe, zilibe mtengo ngakhale nyumba. Mukaona chinsalu chofiira kumwamba, chakuda kumunsi, mwina ndi kamzere koyera kodutsa pakati, basi. Ena mwa inu mwasuzumira kale pawindo, ndipo ndaona mmene mwayang'anirana. Sindikudzudzulani. Munthu woyamba kukayikira ntchito imeneyi m'dera lino ndi amene waima patsogolo panuyu, ndipo ndiloleni ndifotokoze mmene zinayendera.

Zaka zitatu zapitazo Mayi Roza anabwerera kumudzi atakhala zaka khumi ndi zisanu ku Lilongwe, kumene ankalemba zikwangwani za masitolo. Mayi awo anali atangomwalira kumene, n'kuwasiyira munda wa m'mbali mwa phiri. Tinkayembekeza kuwaona ndi khasu, ndipo khasulo anagwiradi, koma sizinathere pomwepo. M'mawa uliwonse ankakwera phiri, n'kukhala pamwala maola awiri akuyang'ana kuminda yathu, osalankhula ndi munthu. Potsika ankatapa dothi apa ndi apo, katondo payekha, makande payekha, n'kuthira m'mabotolo, ndipo botolo lililonse ankalilemba nambala.

Olemekezeka, nthawi imeneyo tinali titamva za anthu a madera ena amene anadzuka m'mawa n'kupeza zikhomo zazikidwa m'minda yawo, malo atagulitsidwa iwo osadziwa. Ndiye taganizani: munthu wochokera m'tauni, woyang'ana minda ali pamwamba, wotapa dothi n'kulilemba manambala. Inu mukanati chiyani?

Tsiku lina m'mwezi wa Marichi, ndikusoka fodya m'chigafa, anafika a Gideoni, malume awo a Mayi Roza. Anakhala pachitsa, nayang'ana uku ndi uku, ndipo anati, "Aphunzitsi, wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana wa mlongo wangayu akugulitsa phiri. Zimene akujambulazo si zithunzi, ndi mapu, ndipo dothilo akutumiza kwa anthu a migodi."

Ndinafunsa kuti, "Mwaona ndi maso anu?"

Iwo anati, "Ndine mwini mbumba. Ndinganamizire mwana wanga?"

Mawu amenewo anandikwanira. M'mawa mwake ndinatenga anthu anayi a m'komiti kupita kunyumba kwa Mayi Roza. Tinawapeza pakhonde, manja ali penti yekhayekha, chinsalu chachikulu ngati theka la chitseko atachitsamiritsa kukhoma. Ndinawauza kuti tikuchitenga ngati umboni, ndipo kuti zikatsimikizika kuti ndi mapu, tidzapempha mafumu kuti awachotse pamundapo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Tengani, Aphunzitsi. Koma musachiike padzuwa, penti sanaume."

Kufatsa kumeneko kunandiwonjezera chikayiko. Mumtima ndinati, munthu wosalakwa akanalira, akanatukwana. Uyu akudziwa kuti ali ndi anthu akuluakulu kumbuyo kwake.

Chinsalucho ndinachisunga m'chigafa masabata asanu ndi limodzi. Pa masabata amenewo Mayi Roza akafika pamjigo, amayi ankasiya kucheza. Kukwaya anawauza kuti ayambe apuma. Wogaya pachigayo ankawagayira pomalizira. Ine zonsezi ndinkazimva, ndipo ndinkati ndi zoyenera.

Tsiku lililonse ndikachoka kumunda ndinkakhala patsogolo pa chinsalucho kufunafuna malire. Kamzere koyera ndinati ndi mtsinje wathu. Mbali yakuda ndinati ndi madimba. Ndinapeza kadontho kachikasu chakumanzere, n'kunena kuti pamenepa ndiye pakhale mgodi, ndipo nditayerekeza, panali pamunda wanga. Ndinachitembenuza chadodolido, ndinachigoneka cham'mbali, ndipo mbali iliyonse inkandiuza zimene ndinkaopa kale.

Pofuna umboni wa munthu wodziwa, ndinaitana a Enoki, mnzanga wakale amene anagwira ntchito yoyeza malo mpaka kupuma. Anabwera panjinga yamoto, anavala magalasi, anachiyang'ana mphindi zosakwana zisanu, ndipo anati, "Achimwene, mapu amakhala ndi muvi woloza kumpoto, amakhalanso ndi muyeso. Apa palibe chilichonse. Munthu atatsata ichi sangafike ngakhale kuchimbudzi."

Mukuseka, koma ine sindinaseke. Atangonyamuka ndinauza akazi anga kuti a Enoki nawonso agulidwa.

Kumapeto kwa Epulo, dzuwa lili pamutu, galimoto yoyera inaima pamphambano pafupi ndi kwathu. Munatsika amuna awiri, wina atanyamula tepi yoyezera, wina mtolo wa zikhomo. Mtima wanga unati, lero zatsimikizika. Ndinawayandikira, n'kuwafunsa ngati akufuna kwa Mayi Roza. Anayang'anana, ndipo wamkuluyo anati, "Ameneyo sitikumudziwa, bambo. Ife tikufuna kwa a Gideoni. Anati mwini mundawo wachoka mwezi uno, tibwere tizike." Anandionetsa pepala logulitsira munda wa m'mbali mwa phiri uja, ndipo dzina losainidwa pamenepo ndinalizindikira, chifukwa a Gideoni anali ataphunzira kulemba pa sukulu ya kwacha imene ndinkaphunzitsa ine ndemwe.

Zotsatira zake nonse mukuzidziwa. Mafumu anakhala pabwalo, pepalalo linathetsedwa, munda unatsala m'manja mwa mwini wake, ndipo a Gideoni anasamukira ku Bowe kwa akazi awo. Sinditalikitsa za munthu amene sali pano kuti adziyankhire. Pabwalo lomwelo ndinabweza chinsalucho. Chinali chong'ambika pangodya, ndipo ndinauza bwalo kuti makoswe a m'chigafa ndi amene anachita zimenezo. Mayi Roza anagwira pong'ambikapo ndi chala, n'kundiyang'ana.

Patapita mwezi ndinapita kwawo, chifukwa funso linali likadandivutabe. Ndinati, "Mayi, ngati si mapu, nanga ndi chiyani? Mukubisa chiyani m'menemu?"

Anandipatsa mpando, ndipo anati, "Aphunzitsi, zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikulemba zinthu zolamula anthu. Gulani pano. Lowani muno. Ngongole mawa. Chikwangwani chimafuna kuti muchimve musanaphethire. Amayi atamwalira ndinkafuna chinthu chimodzi chokha chimene sichindiuza chochita. Ndikakhala paphiripo sindijambula phiri. Ndimajambula chimene chimatsala pachifuwa ndikatsika."

Ndinafunsa za mabotolo aja. Anati dothilo amalisefa, n'kulisakaniza ndi guluu, n'kukhala utoto. Chofiira chija ndi katondo wa m'munda wa mayi awo, chakuda ndi makande a kudimba, choyera ndi phulusa la zitsononkho. Manambala ndi oti asaiwale kumene anatapa. Anati chinsalu chimodzi amachipaka kakhumi, nthawi zina kuposa apo, n'kumapala, n'kupakanso, mpaka mtundu wapansi uzioneka pang'ono kupyola wapamwamba, monga mmene munthu wakufa amaonekerabe pankhope za ana ake. Ndinafunsa za kadontho kachikasu kaja kamene kanali pamunda wanga. Anaseka, nati linali dontho chabe limene linagwa kuburashi, ndipo analisiya chifukwa linawasangalatsa.

Kenako anati, "Anthu ambiri amaima patsogolo pa chinsalu changa mphindi imodzi n'kuchoka. Inu mwakhala nacho masabata asanu ndi limodzi. Palibe munthu amene anayang'anapo ntchito yanga motalika chotero. Kungoti munabwera ndi yankho lanu m'thumba."

Olemekezeka, sindinama kuti tsopano ndimazimvetsa zithunzi zimenezi. Zina ndikaziona ndimadzifunsabe ngati Mayi Roza sakutiseka chamumtima. Chikayiko changanso sichinathe, changosintha kolowera. Alendo athu a ku Lilongwe, takulandirani ndi manja awiri, ndipo ndamva kuti ena mwa inu mukufuna kutenga zithunzizi kukazionetsa kutali. Zimenezo ndi zabwino. Koma kuno tinaphunzira kuopa mapepala osainidwa kuseri kwa nyumba. Chilichonse chimene mukambirane ndi Mayi Roza chichitike masana, pakhale mboni, ndipo chilembedwe m'chilankhulo chimene iwo ndi ife tikumva.

Tsopano ndifike pa chimene chandilemera pachifuwa. Kalata yondiitana kuti ndikhale mlendo wolemekezeka itafika, ndinaiwerenga katatu. Pali a khansala, pali akuluakulu a ku boma, nanga bwanji asankha ine? Akazi anga anati ndi ulemu chabe. Ine ndinati ayi, pali chimene chilipo.

Lero m'mawa anandilowetsa muholomu kuti ndione kaye ndisanalankhule. Chinsalu choyamba, pakhoma loyang'anizana ndi khomo, ndi chomwe chija. Sanachisoke. Ndinapeza mmodzi wa alendo athu ataima pamenepo, ndipo anandiuza mwaulemu kuti pong'ambikapo ndiye pamene pali nzeru zakuya za wojambulayu, kuti mzere wowongoka chotero sungabwere mwangozi. Bamboyo ananena zoona. Khoswe sadula mowongoka.

Mafumu anga, pabwalo paja ndinakunamizani. A Enoki atachoka tsiku lija, ndinaganiza kuti mapu enieni abisidwa mkati, pakati pa nsalu ndi thabwa. Ndinatenga mpeni wanga wodulira chingwe cha fodya, n'kucheka. Ndinapezamo fumbi. Zaka zitatu ndakhala ndikupatsana moni ndi mayi amene ankadziwa zimenezi, ndipo sanauzeko munthu, ngakhale pamene anthu omwe anawasala pamjigo ankabwera kudzapepesa. Kaya anachipachika pakhomo kuti anditchere msampha, kaya anangochikonda momwe chilili, sindinawafunse, ndipo sindikudziwa.

Mayi Roza, ndinakulandani chinsalu, ndinachiononga, ndipo ndinanamizira makoswe. Ndikupepesa pamaso pa mafumu amene ndinawanamiza, ndipo mlandu umenewu ndausiya m'manja mwawo, adzandiitane tsiku limene angafune. A m'komiti, ngati muona kuti mpando uja sukundiyeneranso, ndautula.

Ndaona Mayi Roza agwedeza mutu. Sindikudziwa ngati akutanthauza kuti zatha kapena kuti tikambirana, koma andilozera lumo lodulira riboni, ndiye ntchito imene anandiitanira ikadali yanga.

Mukalowa, musathamange. Sankhani chinsalu chimodzi, mukhale nacho kanthawi, ndipo ana muwalole ayandikire, kungoti asagwire. Wina akakufunsani za chong'ambikacho, muuzeni zoona, dzina langa mukulidziwa.

Ndi mawu amenewa, Bambo Mfumu, mafumu anga, amayi ndi abambo, ndikulengeza kuti chionetsero cha zithunzi za Mayi Roza Kamtedza chatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri pondimvetsera.