A Mbewe ndi sitima yawo yopanda mutu

Malemu bambo Severino Nowa Mbewe anabadwa pa 14 Agosito 1949 kuno ku Mualadzi, wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Anaphunzira mpaka kalasi yachinayi, ndipo m'chaka cha 1968 ananyamuka ulendo wa ku Moatize, komwe anapeza ntchito yosesa mu ofisina yokonzeramo sitima. Tsache sanakhalitse nalo. Akuluakulu anaona kuti mnyamatayu akaika nsonga ya chitsulo pa motoro, kapena kuti injini, mbali inayo n'kuigunditsa kukhutu, ankatchula pomwe pali nthenda wina asanamasule kalikonse. Umekaniko wawo unayambira pamenepo.

Mu 1973 anamanga banja ndi mayi Margarida, omwe akhala apawa.

M'chaka cha 1979 mitu yokoka sitima inasowa. Mabwana anati ayese kupanga ngolo imodzi yonyamula anthu yoti iziyenda yokha, motoro wa gazoliyo, mafuta aja ena amati dizilo, ali pansi pake. Malemu anali mmodzi mwa amisiri asanu ndi mmodzi amene anaipanga. Tsiku loyesa inazima pachitunda alendo olemekezeka ali momwemo. A Mbewe anakwawira pansi ndi malaya awo a tchalitchi, anamvetsera, anakonza, ndipo inafika. Inanyamula anthu zaka zitatu. Mabwana aja anati ikachita bwino apanga zina khumi, koma nkhondo inatseka njanji, ndipo inatsala yokhayokhayo yopanda mng'ono wake.

Banja linathawira ku Zambia, n'kubwerera kuno mu 1994. Apa mundilole ndinene zotichititsa manyazi. Ambiri a ife sitima tinaionera kothawa nkhondo, ndipo tinkadziwa kuti imakhala ndi mutu kutsogolo, ngolo pambuyo. Ndiye malemu akayamba kusimba za ngolo yoyenda yokha, tinkagwa nako kuseka. Mlamu wawo, bambo Rafael, ndi amene anawapatsa dzina loti a Sitima Yopanda Mutu, ndipo munthu akanama pamudzi pano tinkati wakwera ya a Mbewe. Ine ndemwe ndinali nawo m'gulu la osekawo. Iwo ankangomwetulira, koma mayi atiuza kuti kunyumba zinkawadya mumtima. Munthu amene sanabepo ngakhale dzira ankaopa kuti zidzukulu zidzamukumbukira ngati wabodza.

Mu 1997 anabwerera ku Moatize. Anaipeza ngolo ija ili patchire, mipando kulibe, mbuzi zikubisalamo dzuwa. Anapempha chilolezo chotenga motoro ndi lipenga lake, n'kubwera nazo pa kamyau, galimoto yaikulu ya katundu. Ife tinati akulu aja atola zitsulo. Zaka ziwiri anakhala akupukuta, akumasula, akumanga, mpaka m'mawa wina wa Juni 1999 tinamva kulira kumene sitinakumvepo chibadwire. Agalu anathawira kuphiri. Titathamangirako tinapeza motoro ukuguguda, ukutembenuza chigayo, a Mbewe dzanja lili pachingwe cha lipenga. Bambo Rafael anavula chipewa, ndipo ndiwo anali oyamba kubwera ndi thumba la chimanga. Malemu anangotigayira.

Kuyambira pamenepo amayi a kuno analeka kusenza chimanga mtunda wa tsiku lathunthu. Dzina lija silinachoke ayi, koma tinayamba kulitchula mwaulemu, ndipo eni ake ankalivomera mokondwa. Ntchito yomvetsera motoro anaiphunzitsa mwana wawo wamkazi, mayi Vaileti, amene akuyendetsa chigayochi lero.

Anayamba kudwala mtima mu Janeiro chaka chino. Anagonekedwa ku chipatala cha ku Chifunde milungu iwiri, kenako anapempha kubwera kwawo, ndipo anatisiya Lachiwiri masana ali ndi zaka 76.

Asiya mayi Margarida, ana asanu, zidzukulu khumi ndi zinayi ndi zidzukulutudzi zitatu. A banja akuthokoza anamwino a ku Chifunde, a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse amene mwagona nafe pano.

Pomaliza, mwambo wathu umati pa maliro ntchito imaima, ndipo chigayo chakhala chete masiku atatu. Koma malemu anasiya pempho limodzi, ndipo akuluakulu a mudzi alola. Bokosi likamatuluka m'nyumba, mayi Vaileti aliza lipenga katatu, monga ankachitira sitima ikamanyamuka. Musadzidzimuke, ndipo amene tinkaseka tija tiimirire.

Pitani bwino, a Mbewe, munkanena zoona. Mzimu wanu uuse mumtendere.