Tsiku limene ndinamwalira pa sitetasi

Abusa, azibambo ndi azimayi, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ine amene ndinamwalira mwezi watha. Musaseke mayi, ndi zoona.

Zinayamba ndi foni. M'basi yopita kuntchito ku Al Quoz, kuno ku Dubai, ndinkaonera mavidiyo a azungu ena olusa. Ankati dziko ndi la Akhristu okha, ena onse ndi adani, ndipo wandale wawo amene anawomberedwa ndi wofera chikhulupiriro. Ndinaonera, ndinaonera, mpaka chala ichi chinafupika. Onani. Chinali chachitali.

Tsono mdani ndinam'peza pafupi: Che Yusufu, Msilamu wa ku Mangochi, dalaivala. Kuchipinda kwathu ku International City iwo amagona bedi lapansi, ine lapamwamba. Munthu amene anandilandira pabwalo la ndege. Ndinasiya kudya nawo mbale imodzi. Akati, "Achimwene, tiyi," ine ndinkayankha ndi vesi.

Tsiku lina ndinati nanenso ndine msilikali. Ndinatenga chithunzi changa cha suti, n'kuikapo makandulo ndi mtanda monga amachitira azungu aja, n'kulemba kuti "Wofera Yesu." Ndinaponya pa sitetasi ya pa foni, foni n'kutsekera mu loka, n'kuyamba ntchito.

Abale, kwathu ku Ntcheu chithunzi cha makandulo safunsa kawiri. Pofika masana mipando inali panja, amayi atakomoka, amvano atayamba nyimbo. Amalume anali atayesa kale njinga yanga. Ndikunena pamaso pa Mulungu, anakweza ndi chishalo chomwe.

Mlongo wanga anali ndi nambala ina imodzi yokha ya ku Dubai: ya Che Yusufu. Bambowo anasiya ntchito ya abwana, n'kuzungulira zipatala pa dzuwa lija losungunula nsapato, kufunafuna mtembo wanga. Madzulo anandipeza pageti la kuntchito ndikudya chapati. Sanakalipe. Anandigwira kumaso ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu, kenako anaimba foni kumudzi.

"Mayi, maliro anu aja ndi awa. Akutafuna."

Atadula anati, "Khalas, basi zatha, achimwene. Mukafuna kufa muzindiuza kaye. Wonyamula bokosi kuno ndine."

Mavidiyo aja ndinafufuta. Mbale yabwerera imodzi. Chala chokha ndicho sichinabwerere.

Ndikuthokoza Mulungu pondichotsa pa nkhondo ya eni ake. Lero andibweretsa kuno ndi Che Yusufu, ali panja m'galimoto akundidikira. Kondwerani nane abale, ombani m'manja mwamphamvu, mdani wangayo amve.