Tinalembetsa ukwati m'wodi ya chipatala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse, a kuno ku London ndi a kumudzi. Ambiri mukudziwa kuti mkazi wanga Tiyamike anatisiya chaka chatha. Chimene simukudziwa n'chakuti ndinatsala pang'ono kulandidwanso mwana wathu Takondwa. Za ichi ndiye ndikufuna kuchitira umboni.

Ine ndi Tiyamike tinakumana kutchalitchi ku Woolwich. Iye anali nesi pachipatala china ku Romford, ine ndinali nditangomaliza koleji, ndikugwira ntchito m'sitolo ku Wembley. Tinayamba kukhalira limodzi, mwana anabadwa, koma ukwati sitinalembetse. Sikuti ofesi ya rejisitala inali kutali, basi yathu inkadutsa pakhomo pake penipeni. Nkhani inali ya amalume ake, a Chimbalanga a ku Ntcheu, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. Iwo anati mkamwini wolowera pazenera samudziwa, ndipo chinkhoswe chidzachitika tsiku limene ndidzafike ndekha pakhomo pawo kudzapepesa. Ndikaimba foni ankangoti, "Ndipatseni mwana wanga." Tiyamike nayenso anali ndi mfundo yake, yakuti sadzasaina pepala la ukwati ankhoswe asanapatsane tambala ndi thadzi. Tinkati tidzapita kumudzi chaka chamawa, koma chaka chamawacho chinkangosuntha.

Kenako inabwera khansa. Za miyezi imeneyo sindinena zambiri. Madokotala atatiuza kuti palibenso chimene angachite, mayi wina woona za mabanja pachipatalapo anandiitanira pambali. Anandifotokozera mofatsa kuti malinga ndi lamulo la nthawi imene Takondwa anabadwa, bambo amene sanakwatirane ndi mayi wa mwana alibe mphamvu pa mwanayo, ngakhale dzina lake lili pa setifiketi. Tiyamike akapita, za amene alere mwana zikanakagamulidwa kukhoti. Za kumudzi ndinkazidziwa kale: mwana ndi wa kuchikazi, ndi mbumba ya amalume. Kuno ndinalibe pepala, uko ndinalibe nkhoswe.

Mayiyo anati njira ilipo. Munthu akadwala mwakayakaya, pali chilolezo chapadera choti rejisitala abwere kudzamangitsa ukwati m'wodi momwemo. Ndinathamanga kukamuuza Tiyamike. Iye anati, "A bambo a Takondwa, amalume ayambe avomera."

Ndinagula khadi la foni, ndinaimba pagolosale ya kwawo, anthu anakawaitana amalume. Ndinawafotokozera zonse osabisa kanthu. Kenako anangoti, "Ndamva," n'kudula.

M'basi yobwerera ku Woolwich ndinalephera kupemphera pemphero lalitali. Ndinangoti, "Ambuye, mmodzi mukumutenga, sindikutsutsana nanu. Ndisiyireni winayu." Komabe rejisitala ndinamupempha kuti abwere. Sindinganame kuti chinali chikhulupiriro chachikulu, kungoti ndinalibe china chochita.

M'mawa wa tsiku loti rejisitala abwerelo foni yanga inalira. Anali achimwene anga a ku Area 25, ku Lilongwe. Anati, "Iwe, kuno kwafika mlendo. Wanyamula thadzi m'khwapa, akuti sakhala pansi mpaka aone tambala."

Abale anga, inu mukudziwa mwambo. Akuchimuna ndiwo amapita kuchikazi. Koma bambo wachikulire uja, amene analumbira kuti sandidziwa, analawirira minibasi kuchokera ku Ntcheu, n'kumafunsira njira mpaka anapeza nyumba ya achimwene. Mtima umenewo sindinautembenuze ine.

Masana ake Sisita Mwale, nesi mnzake wa Tiyamike wochokera ku Chipata, anamuveka mkwatibwi duku ndi chitenje chake chabwino. Ine anandikalipira kuti, "Imwe ba mkwati, osalira manje, muzaononga vithunzi." Iye ndi abusa athu ndiwo anakhala mboni. Rejisitala atafika, foni tinaiika pamtsamiro. Tonse tinamva mawu a amalume: "Tiyamike, mwana wa mlongo wanga, thadzi ndapereka, tambala ndalandira. Saina." Nkhukuzo zinali phokoso lokhalokha, mpaka rejisitala anaima kaye kufunsa ngati zonse zili bwino. Sisita Mwale anamuuza kuti apitirize, ndi achibale akusangalala. Tiyamike anaseka. Panali patapita nthawi ndisanamve kuseka kwake.

Mawu a lumbiro anawanena yekha, onse. Pofika posaina, Sisita Mwale anafuna kumugwiriziza dzanja, koma iye anakana. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, akupumira, chilembo chilichonse chooneka bwino. Ndaonapo anthu akulandira madigiri, koma sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinamunyadirira mkazi ameneyu tsiku limenelo. Sananyoze kwawo, ndipo sanamusiye mwana wake padera.

Foni isanaduke, amalume anati, "Akamwini, mulipo?" Kanali koyamba kundiitana choncho. "Mwanayo ndi wanu. Mumulere. Ife tizidzamuona patchuthi."

Tiyamike anagona sabata yomweyo. Thupi lake ndinaliperekeza ku Ntcheu ngati mwamuna wake, ndipo palibe ofesi imene inandifunsa kuti ndine ndani. Takondwa ndili naye. Wayamba sukulu kuno ku Woolwich. Ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi, koma tsitsi lake ndaphunzira kuliluka ndekha, ndipo aphunzitsi ake akafuna kholo amaitana ine.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza Sisita Mwale ndi abusa, ndikuthokozanso a Chimbalanga. Inu amene mukukhalira limodzi kunja kuno osalembetsa, musadikire mpaka m'wodi ngati ife. Yankhulani ndi akwanu, pitani kwa rejisitala mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha. Ndipo ngati pali munthu amene wakutsekerani khomo, musaleke kumupempherera. Ine Ambuye anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa kuposa onse. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.