Kazenera m'mphasa ya kusukulu

Inu a pa wailesi, kalatayi wandilembera mpongozi wanga, ine cholembera sindinachigwirepo. Ndili kuno ku Benga, ndimasoka mphasa.

Mdzukulu wanga wamkazi sayankhula, ndipo maso a anthu akachuluka amathawa. Aphunzitsi ake, amene amaphunzitsa ana otere pakona ya kalasi yodzaza, anandiuza kuti akathawanso adzamusiyitsa sukulu, poti msewu wa galimoto uli pafupi. "Tikadakhala ndi chotchingira, agogo," anatero.

Ndinapita kudambo kukadula bango, mphepo ikuliyimbitsa ngati likundinong'oneza masokedwe. Ndinasoka mphasa ziwiri, m'maganizo ndikumuona mwanayo ali phee ngati mwanapiye m'mapiko a make. Tinakaziimika pansungwi m'kalasimo.

Aphunzitsi analoza kabowo pakati pa mphasa. "Agogo, apa mwaiwala kusoka."

"Sindinaiwale, aphunzitsi. Kwathu mwanayu amakhala kuseri kwa mpanda n'kumasuzumira. Amafuna kuona anthu, koma iwo asamuone."

Mwana uja ananunkhiza bango lija, n'kukhala pansi. Anaika diso pakabowo. Kuwala kunkadutsa m'mipata n'kumulemba timizere kumaso. Belu lowerukira linalira iye akadali pomwepo.

Makolo anzanga, mukamatchingira mwana wotere, musiyireni kazenera.