Masiku Atatu Nditapenya Khoma

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Thupi likadali lolema, koma ndikakhala chete ndikhala wosayamika. Dzinja lathali ndinakhala masiku atatu m'manja mwa apolisi pa mlandu wa ng'ombe imene sindinabe.

Ine ndili pa chikamwini, kufupi ndi Malowera. Ng'ombe ya apongozi anga aakazi itasowa, anthu anati anandiona ndikuikusa, ndipo sananame. Mlamu wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, ndiye anandipempha kuti ndimuperekeze nayo kumsewu, akuti amayi avomera. Iye anaigulitsa n'kuthawira kokumba golide.

Kupolisi anatilowetsa m'chipinda chimodzi, ine ndi apongozi. Inu mukudziwa kuti mkamwini sapenyana ndi apongozi, ngakhale panjira timapatukirana. Nanga ndikanawauza bwanji pamaso kuti wakuba ndi mwana wobala okha? Ndinatembenukira kukhoma.

Wapolisi wofunsa mlandu anakulira m'tauni, ndipo sindimuda. Kwa iye wobisa nkhope ndi wolakwa basi. Tsiku ndi tsiku funso lomwelo, apongozi ali pompo, ine duu. Atatopa nane anati m'mawa galimoto inditengera kukadeya, ndende ya ku Tete. Mkazi wanga anali wotopa ndi pakati, munda uli wosapalira. Mawu opempherera anali atandithera, ndinangoti, "Ambuye, mwaona nokha."

Galimoto isanafike kunabwera wapolisi wina wachikulire, wochokera kutchuthi. Anaima pakhomo akuyang'ana mmene ndakhalira. Kenako anati, "Amayi, takapumani pansi pa mtengo paja, tikuitanani." Anadzakhala pabenchi pambali panga n'kunena motsitsa, "Atuluka, bambo. Yankhulani tsopano."

Ndinalira, abale, munthu wamkulu ine. Ndinafotokoza zonse. Iye anatuma anthu kwa wogula ng'ombe uja, ndipo wogulayo anavomera kuti anagula kwa mlamu wanga. Wapolisiyo anakawauza yekha apongozi panja, pang'onopang'ono, atavula chipewa.

Pondimasula ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji. Anati, "Bambo anga anafera pa chikamwini. Msana umene munaonetsa apa ndinakula ndikuuona."

Ndinabwerera kumudzi udzu utameza chimanga, ndipo chaka chino tikolola zochepa. Mlamu sanabwerebe. Ine ndi apongozi sitinakambepo za nkhaniyi, ndipo sitidzakamba. Koma patapita sabata ndinapeza tambala womanga miyendo pakhomo panga, mkazi wanga n'kungoti, "Wachokera kwa amayi."

Ndikuthokoza Mulungu amene analera mwana wa mkamwini zaka zonsezo n'kumuveka yunifomu kuti adzandimve ine. Inu amene mwatopa, amene choonadi chakukanikani kutuluka pakamwa, musataye mtima. Mwana wathu anabadwa ine ndili pakhomo.